Mkanda wagalasi ukakanirira pa kachitsulo

Aliyense amene amapanga mikanda yagalasi pa lawi la moto amadziwa kuti ntchito siithera pamene mkanda wazizira. Mkandawo umakhala udakali pa kachitsulo kamene tinakulungapo galasi, kamene ogulitsa zipangizo amakatcha mandrel, ndipo bowo lopisamo ulusi limapezeka pokhapokha kachitsuloko katasololedwa. Mikanda yambiri imachoka mosavuta ikanyowa ndi kupotokoledwa pang'ono, koma pamakhala ina imene imakana, ndipo kawirikawiri imakhala ija yaitali kapena imene inakhalitsa pamoto chifukwa choikongoletsa. Zimandimvetsa chisoni kuona mnzanga akulimbana ndi mkanda wotere ndi mphamvu zake zonse, pakuti mikanda yambiri imene imasweka pa nthawi imeneyi ikanapulumuka, ndiponso mabala ambiri a m'manja akanapeweka, munthu akanayamba wafufuza chimene chagwira mkandawo.

Galasi losungunuka likakhudza chitsulo chotentha limamatirira zolimba, moti palibe dzanja limene lingazilekanitse. N'chifukwa chake tisanayatse moto timayamba taviika mbali imodzi ya kachitsulo m'phala la dongo loyera, limene limabwera m'timabotolo ndi dzina loti bead release. Mbali yaikulu ya phalali imakhala kaolin, amene ndi dongo loyeralo, ndi ufa woyera wotchedwa alumina hydrate, ndipo opanga ena amathiramo ufa wakuda wa graphite umene umalichititsa kutuwa. Dongoli timalipatsa ntchito ziwiri zimene zimatsutsana: ligwire chitsulo ndi galasi mwamphamvu pamene tikuzunguza mkanda pamoto, kenako liyoyoke mosavuta likangonyowa. Chitsulo nachonso chimatithandiza. Galasi lofewa, kapena kuti losungunuka msanga pamoto, la kampani ya Effetre, lochokera ku Murano m'dziko la Italy, limene ine ndimagwiritsa ntchito, lili ndi nambala ya COE 104, imene imasonyeza mmene limakulira likatentha ndi mmene limachepera likazizira. Pa muyeso womwewo chitsulo chosachita dzimbiri, chimene amapangira kachitsuloka, chili cha m'ma 160 mpaka 170, kutanthauza kuti pozizira chimachepa kwambiri kuposa bowo la mkanda. Pa kachitsulo ka mamilimita 2.4 kusiyanaku ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, kampata kosaoneka ndi maso, komabe n'kokwanira kuti dongo limasuke madzi akalowamo.

Mkanda umakana kuchoka pa zifukwa zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Nthawi zina dongo limakhala lapsa kwambiri n'kulimba, koma likadali pakati pa galasi ndi chitsulo. Nthawi zina dongo lamasuka bwinobwino koma kachitsulo kapindika kapena kali ndi nsonga yokhakhala. Chachitatu, chimene ndi choipitsitsa, n'chakuti dongo linasweka pamoto ndipo galasi linakhudza chitsulo chenichenicho. Musanagwire chipangizo chilichonse, tulukani ndi mkandawo panja powala ndipo muyang'anitsitse mbali zonse ziwiri za bowo. Ngati kamzere koyera kapena kotuwa kazungulira chitsulo popanda kuduka, mkandawo uchoka, ungofuna nthawi. Ngati pena pake galasi lagundana ndi chitsulo chonyezimira, chiyembekezo n'chochepa. M'galasi loonekera mkati zimenezi zimaoneka bwino m'litali lonse la bowo, ndipo malo amene galasi lagwira chitsulo nthawi zina amakhala ndi kamng'alu konyezimira kochokera pamenepo. Pomaliza, tsamiritsani kachitsuloko pamphepete mwa tebulo, mkanda uli kunja, ndipo mukagubuduze ndi chikhatho, kopindika kamadumphadumpha.

Chithandizo choyamba ndi madzi, ndipo ndikunena motsindika chifukwa ambiri amawaderera. Mikanda ikazizira kotheratu, iikeni m'beseni la madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndipo madziwo aphimbe mbali yonse imene ili ndi dongo. Kwa mkanda waung'ono wozungulira mphindi zochepa zimakwana, koma mkanda wautali umafuna usiku wonse, chifukwa madzi amalowera m'mbali ziwiri zokha ndipo amayenda pang'onopang'ono m'dongo lopanikizika. Dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale limathandiza kuti madzi alowerere. Ena amathiramo viniga, ndipo ine sindiwatsutsa, makamaka kuno ku Lusaka kumene madzi a m'zitsime amadutsa m'miyala ya laimu n'kusiya zoyera pa galasi. Viniga amachotsa zimenezo, ngakhale kuti dongo lenilenilo salisungunula. Chimene sindilola pa tebulo langa ndi mafuta, kaya ophikira kaya a makina. Mafuta amatseka njira ya madzi m'dongo, ndipo akatsalira pa kachitsulo, phala la ulendo wotsatira siligwira bwino, choncho vuto la lero limabala vuto la mawa.

Mkanda utanyowa mokwanira, yambani mwakanda dongo lonse limene lili pa chitsulo kutsogolo ndi kumbuyo kwa mkandawo, kuti njira yake ikhale yosalala. Kenako panani kachitsulo ndi pulayala yokhoma kapena pa vayisi, pafupi kwambiri ndi mkanda koma osaukhudza, kumbali yaitali imene timagwira ndi dzanja poumba. Mukapana patali, kachitsulo kamapotoka ndi kupindika m'malo moti mkanda uzungulire. Mkandawo muugwire ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Malegeni amagwira galasi lonyowa bwino kuposa nsalu, ndiponso amateteza zala ngati mkanda ungasweke. Musayambe ndi kukoka. Potokolani pang'ono kumanja, bwererani kumanzere, ndipo mubwereze mpaka mutamva kuti dongo laphwanyika mkati. Mkanda ukangozungulira, ubwezereni m'madzi kuti matope atuluke, kenako muusolole mozunguza kulowera kunsonga yaifupi.

Pano pali ngozi ziwiri zimene ndikufuna kuti aliyense woyamba kumene azidziwe. Yoyamba ndi nsonga ya kachitsulo. Munthu akafumbata mkanda m'chikhatho n'kukankha chitsulo ndi dzanja linalo, mkanda ukamasuka mwadzidzidzi nsongayo imalowa m'dzanja, ndipo kachitsulo ka mamilimita 1.6 kamabowola mnofu mosavuta. Nsonga iloze kutali ndi chikhatho, ntchafu ndi nkhope nthawi zonse. Yachiwiri ndi mkanda umene uli kale ndi mng'alu, umene umagawanika pakati m'litali la bowo n'kusiya mbali zakuthwa kwambiri. Mkanda wokhala ndi timaluwa totukuka kapena timadontho tagalasi pamwamba umafunanso kusamala, chifukwa zokongoletsazo zimathothoka zikapanikizidwa. Muugwire pamalo osalala okha.

Ngati mkanda ukuzungulira momasuka koma sukutsetsereka, kapena ukuyenda pang'ono n'kuima, dongo latha kale ntchito yake ndipo vuto lili pa chitsulo. Onani nsonga poyamba, pakuti pamene kachitsulo kanadulidwa pamakhala pophwatalala kapena pokhakhala, ndipo tupa amasalaza pamenepo mosachedwa. Ngati chitsulo chapindika kunja kwa mkanda, musayese kuchiwongola mkanda uli pomwepo, chifukwa mphamvu yonse imathera pamlomo pa bowo ndipo galasi limabenthuka. Dulani kachitsuloko pakati pa mkanda ndi popindikapo, salazani podulapo ndi tupa, ndipo mkanda utulukira pamenepo. Ambiri amazengereza kudula poganiza kuti akuwononga chipangizo, koma tiyeni tiwerengere. Tizitsulo timeneti si china ayi koma waya wowotcherera wa TIG (njira yowotcherera zitsulo ndi magetsi ndi gasi) wa chitsulo chosachita dzimbiri, wa mtundu wa 308L kapena 316L, amene amagulitsidwa m'ndodo za mita imodzi, ndipo ndodo imodzi imatulutsa tizitsulo titatu kapena tinayi. Mkanda umene wadya galasi lochokera kunja, gasi ndi nthawi yanu ndi wamtengo wapatali kuposa kachidutswa ka waya. Chovuta kwenikweni ndi chitsulo chimene chapindikira mkati mwa mkanda wautali, zimene zimachitika kachitsulo kowonda kakafiira pamoto n'kulemedwa ndi galasi. Pamenepo dulani mbali zonse ziwiri mosiya kogwira kokwanira pulayala, viikaninso m'madzi, ndipo muyese mbali imene ikulola.

Pali njira zina zimene amisiri amauzana, ndipo sizifanana mphamvu. Yotchuka kwambiri ndi yoika mkanda ndi kachitsulo kake m'chipinda choundanitsa cha filiji kuti chitsulo chichepe. Maganizo ake ndi olondola, koma kuchokera pa madigiri a Celsius 25 kufika pa madigiri 18 pansi pa ziro, kusiyana kwa chitsulo cha mamilimita 2.4 ndi galasi sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ine ndimaona kuti njirayi imathandiza mkanda ukaikidwa uli wonyowa, chifukwa madzi amene alowa m'dongo amakula akaundana n'kuliphwanya. Mukautulutsa musauthire madzi otentha, pakuti galasi lofewa silipirira kusintha kwadzidzidzi kotere. Njira ina ndi yogwira mkanda ndi malegeni n'kugogoda nsonga ya kachitsulo pang'onopang'ono pa simenti, kuti kunjenjemerako kumasule dongo. Iyi ndi yabwino pa tizitsulo tonenepa, koma towonda timangopindika. Njira yamphamvu koposa ndi ya chipangizo chomangira marivet, chija chimene amisiri amalumikizira malata ndi mafelemu a aluminiyamu. Kachitsulo kamalowa m'kamwa mwa chipangizocho, pakati pa mkanda ndi chipangizo pamaikidwa kachikopa kapena kamphira kobowola, ndipo mukafinya pang'onopang'ono chitsulo chimakokedwa molunjika. Ubwino wake ndi wakuti manja amakhala kutali ndi nsonga. Kuipa kwake ndi kwakuti mano ake amatema chitsulo, ndiponso mphamvu yake imatha kuphwanya mkanda umene galasi lake linagwira chitsulo, choncho valani magalasi oteteza maso ndipo muphimbe mkandawo ndi nsalu.

Ife a ku Lusaka tili ndi chifukwa china chokhalira ofatsa, chimene ndi magetsi. Mkanda wa galasi lofewa umayenera kukhala m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 510 mpaka 520 kwa theka la ola kapena ola lathunthu, kenako uzizire pang'onopang'ono, kuti kukokana kwa mkati mwa galasi kuthe, ndipo kumeneku ndiko kukhwimitsa mkanda. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo munthu sakanadalira kuti ng'anjo imaliza ntchito yake. M'nyengo zotere timaziziritsa mikanda m'chidebe cha vermiculite, timiyala topepuka tosunga kutentha, kapena pakati pa bulangeti losapsa ndi moto, n'kudikira tsiku la magetsi kuti tiitenthetsenso yonse pamodzi kuyambira ili yozizira. Mkanda umene wangozizira m'chidebe sunakhwime, ngakhale uoneke wathunthu, ndipo ndi umene umasweka msanga ukapotokoledwa mwamphamvu kapena ukaikidwa mu filiji. Langizo langa ndi lakuti mkanda wotere ukakana pa kuyesa koyamba, musauumirize. Ulowetseni m'ng'anjo ndi kachitsulo kake komweko, ndipo mudzauchotse utakhwima.

Tsopano za mkanda umene galasi lake lagwira chitsulo. Ngati lagwira kadontho kakang'ono pamlomo pa bowo, chifukwa galasi linapitirira pamene dongo linathera, nthawi zina limathetheka lokha popotokola ndipo pamatsala pobenthuka pamene mungasalaze. Koma ngati lagwira mkati, kusiyana kuja kwa chitsulo ndi galasi, kumene kumatithandiza dongo likakhala lathunthu, kumasanduka mdani, chifukwa chitsulo pochepa chimakoka galasi limene lamatirira, ndipo mkanda umakhala ndi mng'alu kapena uli pafupi kung'aluka. Ngakhale utachoka, ine sindiuika m'gulu la yogulitsa. Munthu amene wagula chibangili ku Kabwata Cultural Village kapena pa msika wa Lamlungu wa ku Arcades muno mu Lusaka amachivala pakhungu, mwina amagulira mwana wake, ndipo sayenera kulandira galasi limene lingagawanike pa dzanja. Mkanda wotere ungasiyidwe pa kachitsulo kake n'kuzikidwa mumphika wa maluwa, kumene umakongoletsa popanda kuvulaza munthu. Ngati mukufuna kupulumutsa chitsulo, kulungani mkandawo m'nsalu yokhuthala ndi kuuphwanya ndi nyundo, kapena muutenthetse pang'onopang'ono pamoto n'kuuviika m'chitini cha madzi ozizira kuti galasi liyoyoke, maso ali otetezedwa.

Musayese asidi. Ku Murano kuli amisiri amene amakulunga galasi pa waya wa kopa wopanda dongo, kenako amasungunula kopayo ndi nitric acid, ndipo ena akamva zimenezi amaganiza zochita chimodzimodzi kunyumba. Asidi ameneyu sasungunula chitsulo chosachita dzimbiri, utsi umene amatulutsa podya kopa ndi wakupha, ndipo asidi wa m'batire la galimoto angakuwotcheni khungu ndi maso mkanda uli chikanirire. Anthu a ku Krobo m'dziko la Ghana anapeza njira yofatsa pa mikanda yawo ya galasi losinja, pakuti amaimika kamtengo ka tsamba la chinangwa pakati pa chikombole, kamtengoko n'kupsa m'ng'anjo kusiya bowo. Koma njira imeneyi siitheka kwa ife amene timazunguza galasi pa lawi.

Mikanda yambiri yokanirira imakhala italakwika moto usanayatsidwe, ndipo kuno chifukwa chachikulu chimene ndimaona ndi kusungunula phala mopitirira muyeso. Phalali limachokera kunja, limadula ndiponso limachedwa kufika, choncho munthu akaona kuti botolo likutha amathiramo madzi kuti litalike. Kuthira madzi pang'ono n'koyenera, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala pamene kutentha kumaumitsa phala m'botolo, koma liyenera kutsala lokhuthala ngati phala la mwana wakhanda, loti kachitsulo kakatuluka chitsulo chisaonekere. Likhutchumuleni bwino musanaviike, lowetsani kachitsulo molunjika ndi kukatulutsa kamodzi, kenako mukaimike m'chitini cha mchenga kuti kaume. Pa mikanda yaitali viikani kawiri ndipo musankhe kachitsulo ka mamilimita 2.4 kapena 3.2. Amene akufuna kudzipangira okha angayambire pa muyeso umene oumba mbiya amapakira mashelefu a ng'anjo, theka kaolin ndi theka alumina hydrate, ndipo ayese pa timikanda tating'ono asanadalire. Dongo lofiira la pachulu kapena la kudambo siloyenera, chifukwa limang'aluka pouma, limapsa n'kulimba, ndiponso limadetsa bowo.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, dongo limauma pamwamba mkati muli chinyezi, ndipo likalowa pamoto mofulumira nthunzi imalitukumula n'kuliphulitsa. Ndi bwino kuviika madzulo kuti mugwire ntchito mawa lake, ndipo ngakhale zitatero, yambani mwayendetsa kachitsulo kunsonga kwa lawi, kutali ndi pamene patentha kwambiri, musanakafiiritse. Waya watsopano amabwera ndi mafuta a kufakitale, choncho mutsukeni, mumukwechese ndi sandipepa kuti dongo lipeze pogwira, ndipo mumutenthetse kamodzi mpaka atafiira. Kumapeto kwa ndodo ya TIG kumakhala kophwatalala pamene anadindapo nambala ya mtundu wake, ndipo mbali imeneyo iyenera kudulidwa. Pogula, nenani momveka kuti mukufuna waya wa TIG wosachita dzimbiri, chifukwa ndodo zokutidwa zimene amisiri a ku Kalingalinga amawotcherera mageti ndi mawindo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ndi za chitsulo wamba, chimene chimachita dzimbiri m'madzi ndi kusupuka pamoto pamodzi ndi dongo lake.

Pamoto penipeni dongo limasweka kwambiri pokulunga galasi loyamba. Ngati ndodo yagalasi siinasungunuke mokwanira, munthu amakoka, ndipo dongo limang'ambika pa chitsulo. Galasi liyenera kuyenderera lokha pa kachitsulo, ndipo polekanitsa ndodo ndi mkanda lawi ndilo lidule, osati dzanja. Kuphwatalalitsa mkanda utayamba kale kuzizira kumachitanso chimodzimodzi. Mukaona mkanda ukuzungulira wokha pa kachitsulo kapena dongo lagamphuka pambali pake, lekezani pomwepo, chifukwa galasi lililonse limene mungawonjezere likutayika.

Mkanda ukachoka bowo limatsala ndi dongo, ndipo liyenera kutsukidwa lisanapisidwe ulusi. Kachipangizo kosongoka kokutidwa ndi fumbi la dayamondi kamagwira bwino ntchito imeneyi, ndipo kamasalazanso mlomo wa bowo kuti usadule ulusi. Chitani zonsezi mkanda uli m'madzi. Fumbi louma la dongoli lili ndi silika, amene akalowa m'mapapo satulukamonso, ndipo matenda a silicosis amene amayambitsa ndi odziwika bwino kwa mabanja amene abale awo anagwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt. Musapemerere bowo ndi pakamwa, musasese dongo louma ndi tsache, ndipo tebulo muzilipukuta ndi nsalu yonyowa. Madzi a m'beseni musawathire m'sinki, chifukwa matopewo amakhazikika m'mipope n'kuitseka, komanso amakhala ndi tizidutswa tagalasi. Asiyeni adikhe, tsanulani madzi a pamwamba, ndipo matope otsalawo muwakulunge m'pepala akadali onyowa n'kuwataya kumene ana ndi nkhuku sangafike.